Kajuzi Kopotoka

1. Lonjezo

Tsiku lotsekera sukulu, Kaliwiro sadapite kunyumba. Adathamanga chikwama chili kumsana, n'kudutsa pa shopu ya wometa tsitsi, n'kulumpha ngalande ya pafupi ndi wosoka nsapato, mpaka kukafika pa chitseko chobiriwira cha azakhali ake.

Dzina loti Kaliwiro adamupatsa ndi aphunzitsi ake a masamu, chifukwa ankamaliza mayeso anzake asanafike ndi pakati pomwe. Mayankho ake ambiri ankakhala olakwa, koma dzinalo lidamukanirira ngati chisoso pa siketi.

"Odi, azakhali! Ndabwera! Tatsekera!"

"Ndakumva ukadali kumsewu," adatero azakhali osatembenuka n'komwe. "Kodi akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe. Ndabwera kudzayamba ntchito ija."

Azakhaliwa adali mlongo wa bambo ake. Ntchito yawo idali yopota ulusi, kuluka majuzi ndi kuwomba mabulangeti. Chipinda chawo chogwiriramo ntchito chidali chaching'ono koma chodzaza. Pakona padali matumba a ubweya wa nkhosa. Pafupi ndi zenera padali makina opotera ulusi, okhala ndi gudumu lalikulu lathabwa limene limazungulira munthu akamaponda ndi phazi. Chakumkati kudali chowombera nsalu, chachikulu ngati bedi la anthu awiri. M'makoma monse munkalendewera ulusi wamitundumitundu, ndipo fungo la sopo linkasakanikirana ndi la nkhosa.

Ntchito imene Kaliwiro ankanena idayambira pa lonjezo. Mkulu wake, amene adakwatiwa chaka chapitacho, adali woyembekezera, ndipo masiku ake adali atayandikira. Tsiku lina banja lonse lili pa chakudya, aliyense ankatchula mphatso imene adzapatse mwanayo. Amayi adati bafa losambira. Bambo, amene adali kalipentala, adati kabedi kopala iwo eni. Kaliwiro adaimirira supuni ili m'manja.

"Ine sindigula kanthu kusitolo. Mwanayo adzatuluka m'chipatala atavala juzi yoluka ine, ndi ulusi wopota ine ndemwe!"

Onse adaseka. Mwamuna wa mkulu wake, amene Kaliwiro ankawatcha alamu, adaseka mpaka kutsamwa.

"Mlamu wanga, iwe amene batani limakukanika kusokerera? Mwana wangayo adzavala juziyo akupita ku sekondale!"

Koma mkulu wake sadaseke. Adamuyang'ana mng'ono wakeyo m'maso nati, "Ndakumva. Ndiye ine juzi sindigula, ndidikira yakoyo. Koma ukumbukire kuti mwanayu akubwera nyengo yozizira, ndipo iwe ndiwe mayi wake wamng'ono."

Mawu amenewa adamukomera Kaliwiro kuposa chakudya chimene chidali m'mbale.

2. Gudumu lizungulira

Kupota sikudali kophweka monga Kaliwiro ankaganizira. Phazi likamaponda, manja ankaiwala kukoka ubweya. Manja akakumbukira, phazi linkaima, gudumu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ulusi unkaduka. Pena unkatuluka wonenepa ngati chala, pena wowonda ngati tsitsi.

"Azakhali, makina anuwa ndi owonongeka!"

"Makinawo ndi aakulu kwa iwe, ndipo sanandinamizepo. Usalimbane nawo ubweyawo. Ukoke mofatsa, ngati ukupesa tsitsi la mwana wosachedwa kulira."

Azakhali adamupatsa ubweya wa mwana wa nkhosa, woyera ndi wofewa. Adamuphunzitsa kuchotsamo timinga ndi tiudzu, kuupesa ndi maburashi awiri mpaka ufanane ndi mtambo, kenako kuusolola pang'onopang'ono pakati pa zala. Iwo ankakhala pa chowombera chawo, akuwomba bulangeti lamizere yofiira, koma khutu lili kwa mwanayo. Gudumu likangothamanga kwambiri ankati, "Phazi!" Ulusi ukaduka ankati, "Lumikiza, usadandaule."

M'mawa uliwonse Kaliwiro ankafika chitseko chisanatsekulidwe. Ndipo tsiku lina, osadziwa kuti zachitika bwanji, phazi ndi manja zidagwirizana. Gudumu lidalira mofatsa. Ulusi udayamba kutuluka m'zala zake wosalala, wosaduka, n'kumakakulungika pa bobini, kathabwa kamene kamalandira ulusi wopotedwa.

"Azakhali! Azakhali, taonani! Ukutuluka wokha!"

"Usayang'ane ine, yang'ana zala zakozo!"

Wosoka nsapato adasuzumira pazenera atamva phokosolo. "Kodi kwagwanji kuno? Mwana uja wabadwa?"

"Ayi, bambo," adayankha azakhali. "Wabadwa ndi ulusi."

Bobini itadzaza, Kaliwiro adavina kuzungulira chipinda chonse mpaka adagubuduza dengu la masingano olukira.

"Ndamaliza! Mawa ndiyamba kuluka!"

Azakhali adasiya chowombera, napukuta magalasi awo.

"Tola masinganowo, ndipo ukhale pansi, mwana wa mlongo wanga. Sunamalize. Wafika pakati."

3. Chenjezo la azakhali

Azakhali adasolola ulusi wotalika ngati mkono kuchokera pa bobini ija. Adaugwira nsonga zonse ziwiri, kenako adayandikizitsa manja awo. Nthawi yomweyo ulusiwo udadzipota wokha ngati mchira wa nkhumba.

"Waona?"

"Ukusewera," adatero Kaliwiro akuseka.

"Sukusewera, ukulimbana. Tamvera bwino, chifukwa izi sindinena kawiri. Pamene umapota, gudumu limazungulira mbali imodzi yokha. Ulusi wonsewu waupota kulowera kudzanja lamanja, ndipo sunakonde. M'kati mwake ukufuna kubwerera kumene unachokera. Ukaluka nawo chonchi uli wokhawokha, udzakhala chete pa masingano, iwe n'kumati zonse zili bwino. Koma tsiku limene udzalawe madzi, udzakumbukira ukali wake, ndipo udzakokera juzi yonse mbali imodzi.

"Mankhwala ake ndi amodzi okha. Upote bobini yachiwiri yofanana ndi iyi. Kenako utenge ulusi wa pa mabobini awiriwo, uuphatikize, n'kuupota pamodzi gudumu likuzungulira chobwerera, kulowera kumanzere. Ukali uja umathera pamenepo. Ukatero uuchape, uuyanike pamthunzi mpaka uume bwinobwino. Apo ndiye timati ulusi wagona, ndipo ukhoza kulukira mwana.

"Ine ndaona anthu ambiri akudumpha pamenepa. Onse amanena mawu amodzi: 'Ndilibe nthawi.' Koma nthawi yomasula juzi yonse n'kuyambiranso amaipeza. Mphatso yopanga ndi manja si mpikisano, mwanawe. Wolandira safunsa kuti unatenga masiku angati. Amangoivala, ndipo thupi lake ndi limene limanena zoona. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhope ya Kaliwiro idagwa.

"Bobini inanso? Azakhali, achemwali atsala pang'ono! Dzulo amalephera ndi kumanga nsapato komwe."

"Ndiye ulawirire mawa. Ine ndikupita kukapereka mabulangeti kwa eni ake, ndipo ndikakhalako masiku angapo. Kiyi ndisiya kwa wosoka nsapato. Makina ndi ako, ubweya ndi uwo."

4. Nzeru za Wailesi

Mawa lake Kaliwiro adalawiriradi, koma sadabwere yekha. Adabwera ndi mnzake wa m'kalasi amene aliyense ankamutcha Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula padalibe pozimitsira. Wailesi ankadziwa kuluka. Adali atalukapo zipewa ndi masokosi ambiri ndi ulusi wogula kusitolo.

Atamva nkhani ya bobini yachiwiri, Wailesi adagwira m'chiuno.

"Iwe mnzanga, ulusi ndi ulusi! Ine ndaluka zipewa zodzaza dengu, sindinamvepo zoti ulusi umakwiya. Uli ndi pakamwa? Akuluakulu amakonda kutalikitsa zinthu kuti tiziwaopa. Kwathu amati ukamadya uli chiimire, chakudya chimapita kumiyendo. Taona timiyendo tangati!"

Kaliwiro adaseka.

"Ndiye taganiza," adapitiriza Wailesi. "Kupota, kuphatikiza, kuchapa, kuyanika. Dzuwa lake lili kuti ndi kuzizira kumeneku? Pomafika poluka, mwanayo akukwawa. Alamu ako aja adzakuseka mpaka udzamere imvi."

Mawu omalizawa ndi amene adamulasa. Kaliwiro adayang'ana makina, nayang'ana thumba la ubweya. Kenako adachotsa bobini ija.

"Gwira apa, ndikulunge."

Adakulunga ulusi wonse kukhala mpira waukulu, natseka chitseko, nakabweza kiyi. Wosoka nsapato adadabwa.

"Mwaweruka kale? Ine ndimayesa ndimva gudumu tsiku lonse."

"Tamaliza, bambo!" adayankha Wailesi akumukoka mnzakeyo.

Masiku otsatira adali okoma. Atsikana awiriwo ankakhala pakhonde la kwa Kaliwiro, masingano akugundana mosalekeza. Wailesi ankamusonyeza poyambira, pochepetsera ndi potsekera, uku akusimba nkhani za m'kalasi monse. Kaliwiro ankaluka akudya. Ankaluka akudikira madzi pampopi. Ankaluka ngakhale akuyenda, mpaka tsiku lina adagunda mtengo wa magetsi n'kuupepesa.

Chidutswa cha kumsana chitatha, bambo adadutsa pakhondepo atanyamula matabwa a kabedi. Adaima, natsinzina diso limodzi monga ankachitira poyang'ana thabwa.

"Mwana wanga, nsalu yakoyi yapendekeka."

"Zimatero zikakhala zatsopano, bambo," adayankha Wailesi akuikoka kuti iwongoke.

"Ine za ulusi sindizidziwa," adatero bambo, "koma za matabwa ndimazidziwa. Thabwa laliwisi limaoneka lowongoka tsiku logula. Ukalikhomera pa chitseko, mwini wake amakuthokoza, iwe n'kumapita ukuimba mluzu. Koma likauma limapindika, chitseko n'kukana kutsekeka, ndipo dzina limene limatukwanidwa si la thabwa, ndi la kalipentala. Chinthu chikayamba kupendekeka uli nacho m'manja, chikukuuza kanthu. Ukawafunse azakhali ako akabwera."

"Ndidzawafunsa, bambo," adatero Kaliwiro, masingano osaima.

Chidutswa cha kutsogolo chidatha. Manja awiri ang'onoang'ono nawonso adatha. Atalumikiza zidutswazo ndi kusokerera mabatani achikasu paphewa, Kaliwiro adakweza kajuziko m'mwamba n'kukuwa. Amayi adatuluka m'khitchini manja ali thovu lokhalokha.

"Mayo ine! Waluka ndiwe? Koma azakhali ako akaona?"

"Adzakaona kali pathupi pa mwana!"

"Chabwino. Koma ukachape kaye. Chovala cha khanda sichipita ndi thukuta la m'manja."

5. Juzi ya njoka

Kaliwiro adakachapa mosamala m'madzi ofunda, nakafinya m'thaulo, nakayala pamthunzi. Katauma, iye ndi Wailesi adathamanga kukakaona.

Onse awiri adawerama, nakayang'anitsitsa.

Kajuzi kaja kadali katapotoka ngati munthu wocheukira amene akumuitana kumbuyo. Msoko wa m'mbali udachoka m'nthiti n'kudzadutsa pamimba. Dzanja limodzi lidaloza kutsogolo, lina kumsana. Mabatani a paphewa adali atafika pakhosi.

Wailesi adayesa kudzigwira, koma zidamukanika. Adaseka mpaka kukhala pansi.

"Mnzanga, waluka juzi ya njoka!"

"Usaseke! Nditani tsopano?"

Wailesi adapukuta misozi. "Usalire, dokotala alipo. Bweretsa nsimbi."

Adayala kajuziko patebulo, nakakoka uku ndi uku mpaka misoko idabwerera m'malo mwake. Adaika kansalu konyowa pamwamba, nasita mwamphamvu. Nthunzi idakwera. Atachotsa kansaluko, kajuzi kadagona mowongoka, kokongola ngati ka m'sitolo.

"Ndani angafanane ndi Wailesi?" adatero akudziguguda pachifuwa. "Tikulunge msanga kasanasinthe maganizo."

"Nanga akadzakachapanso?"

"Pomadzachapa, mwana atatuluka kale m'chipatala, zithunzi atajambula kale, alamu ako atatseka kale pakamwa. Adzati wolakwa ndi wochapa. Tiye!"

Chisangalalo chidabwerera. Adakakulunga m'pepala lamaluwa, nakaika m'chikwama, n'kuuyamba ulendo wa kwa mkulu wake, akuthamangitsana m'njira.

6. Malo opanda kanthu

Adapeza alamu ali panja, akuyanika matewera atsopano pachingwe, mapegi ali kukamwa.

"Oho, fakitale yafika!" adatero atachotsa mapegiwo. "Mlamu, juzi ija yafika pati? Kapena nkhosa yake sinabadwe?"

Wailesi adamugunda Kaliwiro ndi chigongono. "Tulutsa aone," adanong'ona.

"Ndiyambe ndawaona achemwali."

Mkulu wake adali m'chipinda, atakhala pabedi, miyendo itatupa. Pambali pake padali chikwama cha kuchipatala chili chitsekulire. Adamukumbatira mng'ono wakeyo, nayamba kumuonetsa zimene adalongeza: matewera, sopo, thaulo, ndi timasokosi tolowa chala chimodzi chokha.

"Ndipo apa," adatero akuloza pakona pamene padalibe kanthu, "ndasiyira iwe. Apongozi anga amafuna kugula juzi kusitolo, ine ndawakaniza. Ndawauza kuti mng'ono wanga akupota yekha ulusi. Sanakhulupirire. Ndati adzaona."

Kaliwiro adalowetsa dzanja m'chikwama chake. Pepala lamaluwa lidalira.

"Koma ikhale yolimba," adapitiriza mkulu wakeyo akuseka. "Amayi akuti khanda limabweza mkaka nthawi ndi nthawi. Juziyo izidzalowa m'madzi tsiku ndi tsiku. Ndipo ikhale yomasuka pakhosi. Khosi la khanda ndi lofewa ngati nthochi yakupsa, silifuna chokoka."

Dzanja la Kaliwiro lidaima. Wailesi adatsokomola dala. Adatsokomolanso.

"Bwanji? Wabwera nayo?" adafunsa mkulu wake, maso akuwala.

Kaliwiro adatulutsa dzanja lopanda kanthu, natseka zipi.

"Ayi, achemwali. Sinathe."

"Sinathe?" adakuwa Wailesi. "Iwe, nanga si..."

Kaliwiro adamuponda phazi mwamphamvu.

"Palibe kanthu," adatero mkulu wake akusisita mimba. "Koma fulumira, chifukwa mwana wakoyu wayamba kugogoda."

Ali m'njira, Wailesi sadapume.

"Ndapsa chala ndi nsimbi chifukwa cha iwe! Malipiro ake wandiponda phazi! Kodi mutu wako ukuyenda bwino? Mpata ngati umenewu? Alamu ako akanameza mapegi aja!"

Kaliwiro adangopitiriza kuyenda. Atafika pamphambano, adakhotera ku msewu wa wometa tsitsi. Wailesi adamutsatira akulongololabe.

7. Sizasi

Azakhali adali atabwerako. Kaliwiro adaika phukusi lija patebulo, nalimasula yekha. Kenako adatunga madzi m'beseni, namizamo kajuziko, nakatulutsa. Onse atatu akuona, kadayamba kupotoka pang'onopang'ono mpaka msoko udafikanso pamimba.

Azakhali adakatenga, nakakayang'anitsitsa pafupi ndi zenera.

"Malukidwe ake ndi abwino. Anakuphunzitsa kutseka khosi chonchi ndani?"

"Ndine," adatero Wailesi motsitsa mawu, chinthu chimene chidali chisanachitikepo.

"Uli ndi manja abwino, mwanawe. Nanga wasita ndani?"

"Ndinenso."

Azakhali adakhala pampando wawo, naika kajuziko pamiyendo.

"Tamverani nonse awiri. Kudumpha bobini yachiwiri ndi kulakwa kwa wophunzira, ndipo opota ambiri adadutsamo. Koma kusita kuja ndi nkhani ina. Nsimbi siichiza ulusi. Imangouopseza kuti ukhale chete alendo ali pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Mukanapereka juziyi, ikanapotokera m'manja mwa mayi wotopa, wosagona tulo, ali ndi khanda lolira ndi kuzizira. Akanadziimba mlandu yekha kuti wawononga mphatso ya mng'ono wake. Poopa kukukhumudwitsa, akanamuveka ndithu mwanayo, msoko n'kumamufinya pamimba, batani n'kumamukanda pakhosi. Khanda silinena kuti, 'Apa pakundipweteka.' Limangolira, anthu n'kumafunafuna matenda amene palibe.

"Mphatso ikachoka m'manja mwako imakayankhula za iwe kumene iwe kulibe. Ndiye usamatumize mboni yabodza. Wachita bwino kubwera nayo kuno, mwana wa mlongo wanga. Ndikudziwa kuti njira yake sinali yaifupi."

Kaliwiro adayang'ana kajuziko. "Ndiye ulusiwu watayika?"

"Ayi, ulusi sufa msanga. Koma uyenera kumasula zonse, kupota bobini yachiwiri, kuphatikiza, kuchapa, kuyanika, n'kuyambiranso kuluka. Mwanayo akhoza kubwera iwe usanamalize, lonjezo lako lija n'kugwa pansi anthu akuona. Ine sindikusankhira. Juzi ndi yako."

Wailesi adacheukira mnzakeyo.

Kaliwiro adatambasula dzanja. "Ndibwerekeni sizasi."

Mabatani adagwera patebulo limodzilimodzi. Misoko idatsatira.

Mawa lake zidutswa zitauma, adapeza nsonga ya ulusi, nakoka. Mizere imene idamudyera masiku ambiri idayamba kuthothoka ngati chimanga pa chitsononkho. Poyamba adaluma mlomo. Koma kumasula kuli ndi kukoma kwakenso, ndipo posakhalitsa iye ndi Wailesi adayamba kupikisana, wina kukoka, wina kukulunga, onse akuseka.

"Azakhali," adatero Wailesi, "kodi ine mungandiphunzitse kupesa ubweya? Ine ndikamapesa, uyu akupota, tifulumira."

"Ndikuphunzitsa ukandilonjeza kuti pakamwa pazipuma manja akamagwira ntchito."

"Imeneyo ndiye ntchito yaikulu kuposa kupesako. Koma ndiyesa."

8. Galimoto pakhomo

Gudumu lidayambanso kulira. Wailesi ankapesa, Kaliwiro ankapota, azakhali ankawomba. Ulusi wachiwiri unkatuluka wosalala kuposa woyamba uja, ndipo azakhali adaugwira nagwedeza mutu mokhutira.

Bobini idali itangofika pakati pamene galimoto idaima panja mwadzidzidzi, hutala ikulira. Chitseko chidakankhidwa popanda odi. Adali alamu, mabatani a malaya atamanga mosemphanitsa, phazi lina nsapato, lina patapata.

"Azakhali! Mlamu! Zatheka! Zatheka m'mawa uno! Onse ali bwino!"

Azakhali adakweza manja m'mwamba. Wailesi adalumpha, ubweya n'kuuluka chipinda chonse. Kaliwiro adakumbatira alamu, kenako azakhali, kenako wosoka nsapato amene adalowa ndi nsapato ya mwini wake ili m'manja.

"Wamwamuna kapena wamkazi?" adafunsa Wailesi.

Alamu adaimika zala ziwiri.

"Onse awiri! Mapasa! Wamkazi watsogola, wamwamuna n'kutsatira. Winayo anabisala kumbuyo kwa mnzake miyezi yonseyi!"

Phokoso lidabukanso. Wometa tsitsi adafika pazenera, kasitomala wake ali pambuyo, mutu atametedwa mbali imodzi.

"Tiyeni, tiyeni, galimoto ikudikira," adatero alamu. "Ndipo mlamu, mawu oyamba amene mkulu wako wanena ndi akuti, 'Mukamutenge Kaliwiro abwere ndi juzi ija, ngakhale isanathe ndiione.' Amayi anga nawonso ali komweko, akufuna aone ndi maso awo. Madokotala akuti awatulutsa posachedwa, ndipo kunjaku mphepo ikuluma."

Adanena izi akutuluka kale, osayang'ana patebulo.

Koma Kaliwiro adayang'anapo. Padali timipira ta ulusi wopiringizika. Pa makina padali bobini yosadzaza. Zonsezo kuziphatikiza sizikadakwana ngakhale kajuzi kamodzi, ndipo ana adali awiri.

Adatembenukira kwa azakhali. Iwo adali akumanga kale mpango kumutu.

"Nyamuka," adatero. "Mkulu wako ukamuuza ndi pakamwa pako. Wailesi, phimba ubweyawo, utseke chitseko."

Woyendetsa galimoto adalizanso hutala. Kaliwiro adatola kampira kamodzi ka ulusi, nakaponya m'chikwama, n'kukakhala kumpando wakumbuyo pafupi ndi azakhali.

Galimoto itanyamuka, alamu adatembenuka pampando wakutsogolo. Adaona chikwamacho chili pamiyendo pake, namwetulira mpaka mano onse kuonekera, natambasula dzanja.

"Eya, mayi wamng'ono wa ana awiri. Lero sindiseka. Tatulutsa tione."